Banja la Rajapaksa lisabwererenso pampando ku Sri Lanka

Mu Sepitembala 2025, nyumba ya malamulo ya dziko la Sri Lanka inavomereza lamulo lochotsa zabwino zambiri zimene atsogoleri opuma ankalandira kuchokera ku boma, kuphatikizapo nyumba zaulere za mumzinda wa Colombo. Lamulolo litangodutsa, a Mahinda Rajapaksa, amene analamulira dzikolo kuyambira 2005 mpaka 2015, analongedza katundu wawo n'kubwerera kwawo ku Tangalle, kum'mwera kwa chilumbachi, ali ndi zaka 79. Anthu owakonda anayamba kukhamukira kunyumba kwawoko kukawazonda, ndipo mtsutso umene unkaoneka ngati unazima mu 2022 unabukanso. Ena akuti boma latsopano likuzunza nkhalamba imene inapulumutsa dziko ku nkhondo, ndipo nthawi yakwana yoti mwana wawo, a Namal Rajapaksa, apatsidwe mpata wotsogolera. Ine ndikuima mbali inayo. Banja limeneli siliyenera kubwereranso pampando, ndipo chifukwa changa chachikulu n'chakuti boma likakhala m'manja mwa anthu odyera mbale imodzi, limataya munthu wotha kunena kuti "ayi" nthawi isanathe, ndipo ku Sri Lanka kusowa kwa munthu ameneyo kunagwetsa chuma cha anthu 22 miliyoni.

Tisanafike pa zimene otsutsana nane amanena, ndi bwino kudziwa kumene banjali linachokera, chifukwa mphamvu yake ili pomwepo. A Rajapaksa ndi Asinhala achipembedzo cha Chibuda, mtundu umene ndi waukulu kwambiri m'dzikolo, ndipo kwawo ndi m'boma la Hambantota, dera louma la alimi ndi asodzi limene mabwana a ku Colombo ankaliiwala. A D. M. Rajapaksa analowa m'bungwe lopanga malamulo mu 1936, dziko likadali pansi pa Angerezi, ndipo mng'ono wawo, a D. A. Rajapaksa, anakhala phungu wa dera la Beliatta mu 1947. Mu 1951 a D. A. anatsagana ndi a S. W. R. D. Bandaranaike potuluka m'chipani cholamula n'kukayambitsa chipani cha Sri Lanka Freedom Party. Mwana wawo Mahinda analowa m'nyumba ya malamulo mu 1970 ali ndi zaka 24 zokha. Mpango wofiirira umene amuna a m'banjamo amakoleka m'khosi umaimira mawere, mbewu ya alimi osauka a kwawoko, ndipo munthu wakumudzi akauona amati uyu ndi wathu, si uja wolankhula Chingerezi wa m'tauni. Chikondi chimenechi n'chenicheni, ndipo aliyense wofuna kukamba nkhaniyi mwachilungamo asachinyoze.

Tsopano onani mmene mipando inagawidwira. Pamene a Mahinda anali pulezidenti, iwo omwewo ankagwiranso unduna wa zachuma ndi wa zachitetezo. Mng'ono wawo Gotabaya, msilikali wopuma amene anabwerera kuchokera ku America mu 2005, anali mlembi wamkulu mu unduna wa zachitetezo. Kuyambira 2010 mng'ono wina, Basil, anali nduna ya zachitukuko, pomwe mkulu wawo Chamal anali sipikala wa nyumba ya malamulo, ndipo mwana Namal anali phungu. Mlamu wawo ankatsogolera kampani ya ndege ya SriLankan Airlines, ndipo achibale ena anali akazembe ku America ndi ku Russia. Aliyense amene anakhalapo m'gulu la banki m'khonde adziwa kumene zoterezi zimathera. Wapampando akakhala mayi, msungichuma mwana wake, mlembi mng'ono wake, ndalama zikaperewera patsiku logawana palibe amene amaimirira kufunsa kuti buku lilembedwenso, chifukwa wofunsidwayo ndi wofunsayo akadya nsima limodzi madzulo ake. Makolo anati khoswe wa pamkhate sapheka, poti ukamuponyera mwala uswa mkhate wako womwe. Sipafunika kuti onse a m'banjamo akhale akuba kuti gulu ligwe. Pangofunika kuti mmodzi alakwitse, enawo n'kuchita manyazi kumudzudzula pagulu.

Zimene zinachitika banjali litabwerera m'boma zikutsimikiza mfundo imeneyi mopanda chikayiko. A Gotabaya anapambana chisankho mu Novembala 2019 ndi mavoti pafupifupi 6.9 miliyoni, n'kusankha mkulu wawo Mahinda kukhala nduna yaikulu, kenako Chamal ndi Namal anakhala nduna, ndipo mu Julayi 2021 Basil anapatsidwa unduna wa zachuma. Boma litangolowa linatsitsa misonkho, msonkho wa pa malonda n'kuchoka pa 15 kufika pa 8 peresenti, ngakhale nduna yakale ya zachuma, a Mangala Samaraweera, inali itachenjeza chisankho chisanachitike kuti kutero kudzagwetsa dziko. Mu Epulo 2021 pulezidenti analetsa kuitanitsa feteleza wa m'mafakitale, nalamula kuti alimi onse asinthire ku manyowa nthawi imodzi. Alimi a mpunga ndi a tiyi analira, akatswiri a zaulimi anachenjeza, koma mlembi wamkulu wa unduna wa zaulimi atanena poyera kumapeto kwa chaka chimenecho kuti kukubwera njala, anachotsedwa ntchito. Mu Malichi 2022 nduna ziwiri, a Udaya Gammanpila ndi a Wimal Weerawansa, zinadzudzula a Basil chifukwa cha kayendetsedwe ka chuma, ndipo amene anachoka m'boma anali odzudzulawo, a Basil n'kutsala. Mwezi wotsatira dziko linalengeza kuti lasiya kubweza ngongole zake zakunja, zokwana madola pafupifupi 51 biliyoni. Magetsi ankazima mpaka maola 13 patsiku, mayeso a ana asukulu anaimitsidwa chifukwa chosowa mapepala, ndipo anthu ena, makamaka okalamba, anafera pamizere ya mafuta. Ife amene tinagonapo m'galimoto podikira petulo tikudziwa kuti usiku wotero umatalika bwanji. A Gotabaya eniake anavomera mu Epulo 2022 kuti kuletsa feteleza kunali kulakwitsa ndipo akadapita msanga ku IMF, bungwe lobwereketsa ndalama maiko amene ali pamavuto a zachuma, koma pamenepo madzi anali atafika kale m'khosi.

Mfundo yoyamba ya oikira kumbuyo banjali, yomwenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi ya nkhondo. Iwo amati kwa zaka 26, kuyambira 1983, gulu la LTTE, la zigawenga za Chitamil (Atamil ndi mtundu wocheperapo m'dzikolo), linkaphulitsa mabomba m'mabasi, m'masitima ndi m'malo opembedzera. Linapha pulezidenti Ranasinghe Premadasa mu 1993, linaphulitsa banki yaikulu mu 1996 ndi kachisi wopatulika wa ku Kandy mu 1998, ndipo atsogoleri angapo anayesa zokambirana n'kulephera. A Mahinda ndi a Gotabaya ndiwo anaithetsa nkhondoyo mu Meyi 2009, mtsogoleri wa zigawenga Velupillai Prabhakaran ataphedwa. Oikira kumbuyowa amapitirira kunena kuti ubale womwe ine ndikuudandaula ndi umene unathandiza, chifukwa pulezidenti ankakhulupirira mlembi wa zachitetezo kotheratu, ndipo asilikali sankalandira malamulo osemphana. Ndikuvomereza kuti mayi amene anasiya kuchita mantha potumiza mwana kusukulu pabasi ali ndi chifukwa chomveka chothokozera anthu amenewa.

Komabe kuthokoza kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ali pawiri. Choyamba, nkhondoyo sinathe mwaukhondo monga mmene amaikambira pamisonkhano. Gulu la akatswiri limene mlembi wamkulu wa United Nations anasankha linanena mu 2011 kuti anthu wamba okwana mwina 40,000 anafa m'miyezi yomaliza, ambiri mwa iwo chifukwa cha mizinga ya boma, ngakhale linaimbanso mlandu zigawenga chifukwa chogwiritsa ntchito anthuwo ngati chishango. Boma linakana chiwerengerocho, koma silinalole kuti kafukufuku woima payekha achitike. Mkonzi wa nyuzipepala Lasantha Wickrematunge anaphedwa masana mu Januwale 2009, wojambula zithunzi zoseketsa Prageeth Eknaligoda anasowa mu Januwale 2010, ndipo mabanja awo akudikirabe chilungamo. Chachiwiri, nkhondo sinamenyedwe ndi banja limodzi. Ana a alimi ndiwo anafa kutsogolo, ndipo mkulu wa asilikali amene anawatsogolera, a Sarath Fonseka, atapikisana ndi a Mahinda pachisankho cha Januwale 2010 n'kugonja, anamangidwa patangopita masabata ochepa. Ngati kupambana nkhondo kukadakhala chiphaso cha ulemu wosatha, a Fonseka sakadalowa m'ndende. Munthu akakuzimitsira moto panyumba umamuthokoza ndi nkhuku, mwina ndi mbuzi, koma sumupatsa makiyi a nkhokwe kuti iye ndi ana ake azidzitapira mpaka kalekale.

Mfundo yachiwiri ndi ya chitukuko ndi tsoka. Otsatira banjali amaloza msewu waukulu wochoka ku Colombo kupita kum'mwera umene unatsegulidwa mu 2011, magetsi amene anafika m'midzi, njanji imene inabwezeretsedwa kumpoto, ndi mzinda wa Colombo umene unayera. Amanenanso kuti mavuto a 2022 sanayambe ndi a Gotabaya. Mabomba a tsiku la Pasaka, pa 21 Epulo 2019, anapha anthu oposa 260 n'kuthamangitsa alendo oona malo, amene mu 2018 anabweretsa madola oposa 4 biliyoni. Kenako kunabwera mliri wa Covid-19, ndipo nkhondo ya ku Ukraine inakweza mitengo ya mafuta. Amawonjezera kuti gawo lalikulu la ngongole zachiwongoladzanja chokwera linatengedwa pakati pa 2015 ndi 2019, nthawi imene banjali linali kunja kwa boma. Zonsezi n'zoona, ndipo amene amanena kuti ngongole za ku China zokha ndizo zinagwetsa Sri Lanka amalakwitsa.

Yankho langa n'lakuti mliri ndi kukwera kwa mafuta zinagunda maiko onse oyandikana nawo, koma ndi Sri Lanka amene analephera kubweza ngongole, kwa nthawi yoyamba chilandirire ufulu mu 1948. Mlimi wanzeru akaona mitambo ikukana sayamba kugawa chimanga cha m'nkhokwe kuti atamandidwe, koma boma ili linachepetsa ndalama zolowa pamene linkadziwa kuti ngongole zikudikira, n'kumabweza ngongolezo ndi ndalama zakunja zosungira tsiku loipa. Kumapeto kwa 2019 nkhokwe imeneyo inali ndi madola oposa 7 biliyoni, ndipo pofika Meyi 2022 nduna ya zachuma inauza aphungu kuti zimene zikadagwiritsidwa ntchito sizinkafika ngakhale madola 50 miliyoni. Pa chitukuko pakenso m'pofunika kusankha. Msewu wakum'mwera ndi wothandiza, koma bwalo la ndege la Mattala, lotsegulidwa kwawo kwa banjali mu 2013 n'kutchedwa dzina lawo, linasowa ndege mpaka nyumba zake zina zinasungiramo mpunga. Doko la Hambantota linalephera kudzilipirira, ndipo mu 2017 boma lotsatira linalibwereketsa kwa kampani ya ku China kwa zaka 99. Nduna yoima payokha ikadafunsa kuti okwera ndege achokera kuti m'dera la njovu ndi tchire, koma m'bale sangafunse funso lotero pa chipilala cha dzina la makolo ake. Ndipo pano sitikungoganizira chabe, chifukwa pa 14 Novembala 2023 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula, oweruza 4 mwa 5 atagwirizana, kuti a Gotabaya, a Mahinda, a Basil ndi akuluakulu ena, kuphatikizapo amene anayendetsapo banki yaikulu, anaphwanya ufulu wa anthu ndi mmene anayendetsera chuma.

Mfundo yachitatu imati anthu ndiwo anawasankha, ndiye wodandaula akudandaula demokalase. Pachisankho cha aphungu cha Ogasiti 2020 chipani chawo cha SLPP chinapeza mipando 145 mwa 225, ndipo ndale za m'mabanja si zachilendo ku Sri Lanka. A D. S. Senanayake, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, anasiyira mpandowo mwana wawo Dudley, a Bandaranaike ataphedwa mu 1959 mkazi wawo Sirimavo anakhala mayi woyamba padziko lonse kukhala nduna yaikulu, mwana wawo Chandrika Kumaratunga n'kudzakhala pulezidenti kuyambira 1994 mpaka 2005, ndipo mtsogoleri wa otsutsa lero, a Sajith Premadasa, nawonso ndi mwana wa pulezidenti. Nanga bwanji chala chikuloza banja limodzi? Sindikunena kuti mabanja enawo anali oyera, ndipo lamulo la 1956 la a Bandaranaike lokweza Chisinhala chokha kukhala chilankhulo cha boma ndi limodzi mwa mizu ya nkhondo ija. Kusiyana kulipo n'kwakuti a Rajapaksa anadzaza mipando yambiri yofunika nthawi imodzi, ndipo nthawi iliyonse akapeza mavoti ochuluka ankawagwiritsa ntchito kuchotsa zotchinga. Mu 2010 anasintha malamulo oyendetsera dziko n'kuchotsa malire akuti pulezidenti alamulire maulendo awiri okha. Mu Januwale 2013 anachotsa mkulu wa makhoti, mayi Shirani Bandaranayake, khoti lake litangotsekereza lamulo lopatsa mphamvu zambiri unduna wa a Basil. Mu 2020 anabwezera pulezidenti mphamvu zimene zinachepetsedwa mu 2015, n'kulolanso anthu okhala nzika za maiko awiri kulowa m'nyumba ya malamulo, khomo limene a Basil, omwe ndi nzikanso ya America, analowera. Voti imapatsa munthu chilolezo choyendetsa galimoto kwa zaka zoikika, ndipo palibe woponya voti amene anavomera kuti woyendetsayo amasule mabuleki.

Mfundo yachinayi ndi imene ikumveka kwambiri masiku ano, ndipo ndi yokhudza mtima. Amati a Namal anabadwa mu 1986, si iwo analetsa feteleza, ndipo mwana salangidwa chifukwa cha tchimo la bambo. Ndikadagwirizana nazo zikadakhala kuti a Namal ndi mlendo m'ndale amene wangotengera dzina. Koma iwo akhala phungu kuyambira 2010, anali nduna ya achinyamata ndi masewera m'boma lomwe linagwetsa chuma mpaka nduna zonse zitatula pansi maudindo mu Epulo 2022, ndipo udindo woyendetsa chipani anaulandira mu 2024 kuchokera kwa bambo awo aang'ono Basil. Chuma chawo chonse chandale ndi mpango wofiirira uja ndi chithunzi cha bambo awo pambali pawo. Munthu sangalowe chokolo m'munda n'kukana ngongole ya feteleza ya mundawo. Mlandu wa katangale umene ali nawo kukhoti, womwe iwo amaukana, ndikuusiya m'manja mwa oweruza, chifukwa mfundo yanga siidalira mlanduwo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti chipani chimene chinamangidwa mozungulira banja limodzi sichinasinthe kamangidwe kake, choncho chikadzalowanso m'boma achibale omwe aja adzafunanso mipando, ndipo wodzudzula adzachotsedwanso monga anachotsedwera a Gammanpila. Ena angaseke nkhawa imeneyi poti pachisankho cha pulezidenti cha Sepitembala 2024 a Namal sanafike ngakhale 3 peresenti, a Anura Kumara Dissanayake n'kupambana, ndipo miyezi iwiri pambuyo pake chipani chawo chinangopeza mipando 3 pomwe cholamula chinapeza 159. Osekawo akumbukire kuti banjali linagonjanso mu Januwale 2015, anthu n'kuliimbira nyimbo ya maliro, koma pasanathe zaka 5 linali litabwerera ndi mphamvu zoposa kale, litakwera pa mantha amene mabomba a Pasaka anasiya. Ku Philippines nako banja la Marcos linathamangitsidwa mu 1986, mwana wake n'kudzapambana upulezidenti mu 2022.

Pali anthu enanso, a mbali yanga yomwe, amene sindigwirizana nawo. Awa ndi amene amafuna kuti pakhale lamulo loletsa aliyense wa dzina la Rajapaksa kuima pachisankho, kapena amene amaombera m'manja zimene zinachitika pa 9 Meyi 2022. Tsiku limenelo otsatira a Mahinda anaukira anthu amene ankachita zionetsero mwamtendere pabwalo la Galle Face ku Colombo, ndipo pobwezera, magulu a anthu anatentha nyumba za aphungu ambiri pamodzi ndi nyumba ya makolo a banjali ku Medamulana, phungu wina n'kuphedwa. Zionetserozo, zimene eniake amazitcha Aragalaya, kutanthauza kulimbana, zinali ndi chifukwa chomveka, ndipo chithunzi cha pa 9 Julayi cha anyamata akusambira m'dziwe la kunyumba ya pulezidenti, mwini wake atathawa, chidzakumbukika kwa nthawi yaitali. A Gotabaya anathawira ku Maldives, kenako ku Singapore, kumene anatumizira kalata yotula pansi udindo. Koma nyumba yotenthedwa imasandutsa wolakwa kukhala womvetsa chisoni, ndipo lamulo loletsa munthu chifukwa cha magazi ake lingakhale chimodzimodzi kuweruza ndi dzina kumene tikukana. Chomwe chikufunika ndi makhoti ogwira ntchito mosayang'ana nkhope, malamulo oletsa pulezidenti kuika achibale ake pamipando yoyang'anira ndalama ndi mfuti, komanso oponya voti osaiwala msanga. Ponena za nyumba ya ku Colombo ija, boma liyenera kuonetsetsa kuti a Mahinda ndi otetezedwa, poti munthu amene anatsogolera nkhondo sasowa adani, koma kukhala m'nyumba yakoyako kwanu si kuzunzidwa m'dziko limene anthu ake akubwezabe ngongole kudzera m'misonkho yokwera ndi mabilu amagetsi.

Chimene chimandipweteka kwambiri m'mbiri imeneyi n'chakuti a Mahinda anayamba ngati munthu wonena "ayi" uja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma la nthawiyo likulimbana ndi zigawenga za JVP kum'mwera, achinyamata zikwizikwi a Chisinhala anasowa, ndipo loya wa ku Hambantota ameneyu ndi amene anathandiza kusonkhanitsa amayi awo. Mu 1990 ananyamula zikalata ndi zithunzi za osowawo kupita nazo ku Geneva kukadandaula ku United Nations, apolisi n'kumulanda pabwalo la ndege. Kuyambira 2017, amayi a Chitamil akhala akuima m'mbali mwa misewu ya ku Kilinochchi ndi ku Vavuniya atanyamula zithunzi za ana awo amene anawapereka okha m'manja mwa asilikali mu Meyi 2009, ndipo ambiri mwa amayiwo amwalira asanamve kumene anawo anapita. Amene akukwera mabasi kupita ku Tangalle kukazonda nkhalambayo angachite bwino kuifunsa za zithunzi zimenezo, popeza iyo ikudziwa bwino kulemera kwake.